Khadi la Pansi

Kuno ku Otaru chipale chofewa chakwirira njinga mpaka pachishalo.
Ine ndili patebulo la kukhitchini
ndi lumo, pensulo yotafunidwa kumutu,
ndi makatoni a tiyi amene ndawadula kukhala makhadi.
Uno ndi usiku wachitatu ndikulimbana ndi kanyama kamodzi.

Ndinakatcha Nuyo.
Mphamvu: imodzi. Mitima: iwiri.
Maso ngati mabatani a jasi,
mchira wokhota chifukwa chigongono changa chinagunda kapu.
Ndinausiya choncho.

Lamulo loyamba linali lofewa:
dikira maulendo atatu, kanyama kafundule.
Shigenobu, mwini sitolo ya makhadi ku Hanazono,
anasewera kawiri, nayasamula mpaka misozi.
"Kukula kwaulere ndi ntchito ya wotchi," anatero.
"Nanga wosewerayo azichita chiyani, azikanda mutu?"

Ndiye ndinaikapo mtengo.
Kuti Nuyo asanduke Nuyoga, taya makhadi awiri a m'manja mwako.
Kuti afike pa Nuyogaran,
wa mapiko achitsulo, mphamvu zisanu ndi zinayi,
taya khadi limene umalikonda koposa.
"Woweruza alidziwa bwanji limene munthu amalikonda?"
Ndinafufuta mpaka pepala linabooka.

Tinayesa dayisi: mwayi unalanda nzeru mpando.
Tinayesa kuti nyama izikula ikavulala:
ana obwera Loweruka anayamba kumenya nyama zawo zomwe,
akuseka,
ndipo ine tsiku limenelo ndinagona osadya.

Tsono usiku uno Chihaya watuluka m'chipinda chake,
tsitsi lili lonyowa.
Sutikesi yake ili mukhonde, kukamwa yasa,
ikudikira Epulo ndi sukulu ya ku Sendai.
"Gawani, bambo," akutero, akukoka mpando ndi phazi.

Nuyoga ali m'manja mwake.
Ndikumuona pagalasi la zenera kumbuyo kwake,
ndiponso ndikudziwa kuti kumeneku ndi kuba.
Ulendo wachinayi, sakumutsitsa. Wachisanu, duu.
"Fundula, iwe. Ndikudya."
"Ndikaika wamkuluyu, wamng'onoyu apita kuti?"
"Kumulu wa zotayidwa."
"Ndiye ayi."

Ndamugonjetsa m'mphindi zinayi.
Sanachite tsinya. Wangonyamula kapu, wapita.

Chotenthetsera nyumba chikulira tiii.
Kunja galimoto yokankha chipale yadutsa, nyali yake ikuphethira.
Ndatenga pepala latsopano.

Ndikulemba: Nyama ikafundula, khadi lakale lisatayidwe.
Likhale pansi pa latsopanolo,
m'mphepete mwake mukuonekera pang'ono, mlingo wa chikhadabo.
Ndikulemba: Khadi lililonse la pansi
liwonjezere mtima umodzi kwa la pamwamba.
Ndikulemba: Wamkuluyo akagwa,
chotsa la pamwamba lokha.
Amene ali pansiyo adzuke, asasa fumbi,
ndipo masewero apitirire.

Ndawerengetsa kumbuyo kwa lisiti la magetsi.
Masewero atalika ndi mphindi khumi ndi ziwiri, mwina kuposa.
Shigenobu adandaula kuti amatseka sitolo naini koloko,
kuti nyama yofa katatu ndi ngongole, osati nyama.
Sakunama.
Ndichepetsa mphamvu za Nuyogaran zifike zisanu ndi ziwiri,
ndimuthothola phiko limodzi ngati kungafunike,
koma lamulo ili sindilifufuta.

M'mawa ndikusanja makhadi kuti ndipite nawo ku Hanazono.
Makumi atatu ndi asanu ndi anayi.
Ndawerenganso. Ndasuzumira pansi pa tebulo, m'bini, m'thumba la jasi.
Nuyo palibe.

Pakathumba ka m'mbali mwa sutikesi
zipi sinatsekeke bwino,
ndipo kakatoni kakuonekera pang'ono,
mlingo wa chikhadabo.

Sindinanene kanthu.
Ndadula katoni ina, ndajambula maso a mabatani aja.
Mchira ndiwo wandikanika.
Kasanu konse ndagunda kapu mwadala,
koma ukungotuluka wowongoka.